Point guard akatuluka, mpira agwire ndani? Mkangano wa msinkhu pa timu yathu ku Chilomoni

Gulu la WhatsApp la timu yathu ya basketball lakhala likuwira sabata yonseyi, moti ena afika potuluka n'kubwereranso. Ndaona kuti nkhaniyi ndiibweretse kuno chifukwa sindikukhulupirira kuti ndi yathu yokha. Matimu a m'makwalala a ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, onse amakumana nazo.

Point guard wathu, yemwe watiyendetsera mpira kwa zaka zitatu, wapeza ntchito m'shopu ina ku Limbe. Loweruka amaweruka 5 koloko madzulo, magemu ambiri atatha kale. Palibe angamuletse, munthu akufuna adye. Wati azibwera akapeza mpata, kutanthauza kuti gemu ina alipo, ina palibe. Ndiye kochi akuyenera kusankha munthu wachiwiri woti azigwira mpira, ndipo pali anyamata awiri. Wina ndi mfana wa ku Bangwe, ali Fomu 4, wamfupi ndithu, sakupitirira mamita 1.65. Winayo ndi wa ku Machinjiri, mamita 1.88, amasewera m'mbali ndipo amaponya bwino. Pa gulu paja anthu ambiri akuti wamtaliyo basi, nkhani yatha. Ine ndili mbali ya wamfupiyo, ngakhale ndikuvomera kuti amene akuopa msinkhu wake sakulankhula zopusa.

Ndineneretu, ine si kochi. Ndinasewerako ku yunivesite ndisanasiyire panjira nkhani ya fizi itavuta, ndipo pano ntchito yanga pa timu ndi kukhala pambali ndi pepala n'kumalemba amene wagoletsa, amene wachita faulo, amene wataya mpira. Pepala limenelo ndi lomwe landiphunzitsa zomwe ndikulemba apa.

Kwa amene mumangodziwa mpira wamiyendo, ndifotokoze pang'ono. Mu basketball mumalowa anthu asanu mbali iliyonse. Awiri mwa iwo, point guard ndi shooting guard, ndi amene amayambira kutali ndi basiketi, ndipo awiriwa pamodzi ndi omwe amatchedwa backcourt. Point guard ndi amene amalandira mpira pansi pa basiketi yanu, kuwutengera kutsogolo, kuitana sewero lomwe mukufuna kuchita, n'kuona amene ali pabwino kuti amupatsire. Ali ngati wapakati uja wogawa mipira mu mpira wamiyendo, koma iye wotchi imamuthamangitsa. Malamulo a FIBA, omwe timatsatira kuno, amati timu ikatenga mpira ili ndi masekondi 8 okha kuti iwoloke nawo mzere wapakati, ndi masekondi 24 kuti iponye. Bwalo lake ndi lalitali mamita 28, ndiye mamita 14 oyambawo uyenera kuwadutsa m'masekondi 8 pomwe anthu awiri akukupanikiza manja ali m'mwamba. Ukalephera, mpira wapita kwa adani.

Chaka chatha tinasewera gemu yapaubale pa bwalo la sukulu ina ku Zingwangwa ndi anyamata a ku Ndirande. Tinkatsogola ndi mapointi 9 kotala yomaliza itangoyamba. Point guard wathu anachita faulo yachisanu, ndipo mu malamulo a FIBA faulo yachisanu ndiye kuti watuluka osabwereranso. Kochi anayang'ana pa benchi, anaona anthu ataliatali okhaokha, n'kuuza shooting guard wathu kuti aise, tenga mpira. Anyamata a ku Ndirande aja sanachedwe kununkhiza. Anayamba kutipanikiza bwalo lonse, kuyambira pomwe tikuponyera mpira mkati. Pa pepala langa ndinalemba mipira isanu ndi umodzi yotayika m'mphindi zinayi. Iwiri tinapitirira masekondi 8, itatu anatilanda m'manja, umodzi tinaponyera gulu la ana omwe ankaonerera atakhala pa njerwa. Tinaluza ndi mapointi 5. Chomwe chimandiwawabe n'choti pa gemu imeneyo ifeyo ndi amene tinali ataliatali. Ma rebound tinawaposa kutali. Koma rebound ilibe ntchito ngati mpira sukufika kutsogolo.

Anthu amaganiza kuti point guard wachiwiri ndi munthu wongodzaza benchi. Tawerengani nokha. Gemu ndi mphindi 40, makotala anayi a mphindi 10. Pa simenti ya mabwalo athu, dzuwa la October lili pamutu, palibe munthu angathamange mphindi 40 zonse akuyendetsa mpira komanso kutchinga, n'kukhalabe ndi mutu woganiza bwino kumapeto. Ngakhale point guard woyamba alipo, wachiwiri amasewera mphindi 8, 10, mwina 12. M'mphindi 10 timu imagwira mpira maulendo 15 kapena kuposerapo. Ulendo uliwonse womwe mwataya mpira mumalipira kawiri, chifukwa inu simunaponye n'komwe, pomwe adani akuthamangira ku basiketi yopanda mlonda kukaika mapointi awiri aulere. Kutaya mipira inayi yokha kungasinthe gemu ndi mapointi oposa 10. Ndiye kwa ife, poti woyambayo Loweruka lina kulibiretu, tikukamba za munthu amene nthawi zina azisewera mphindi 30.

Amene munagona mochedwa kapena kudzuka 2 koloko m'bandakucha wa pa 23 June 2025 kuti muonere Game 7 ya NBA Finals mukudziwa kuti izi zimagwera ngakhale matimu a ndalama zankhaninkhani. Ine bandulo inandithera kotala yachitatu, ndinamalizira pa foni ya mnzanga. Tyrese Haliburton, point guard wa Indiana Pacers, anali atagoletsa kale mapointi 9 mu kotala yoyamba pomwe mtsempha wa kuchidendene unaduka, n'kugwa pansi akulira. Gemu yaikulu kuposa ina iliyonse pa moyo wa timuyo inatsala m'manja mwa Andrew Nembhard ndi point guard wa pa benchi, T.J. McConnell, munthu wa mamita 1.85 yemwe palibe timu inamusankha pa draft ya 2015. Pacers inafika pa half-time ikutsogola 48 kwa 47. McConnell anagoletsa mapointi 16 usiku umenewo, ambiri mwa iwo mu kotala yachitatu pomwe anzake onse anali ataima mutu. Koma Oklahoma City Thunder inapambana 103 kwa 91, ndipo chomwe chinapha Pacers ndi mipira yotayika, yoposa 20 gemu yonse.

Gemu imeneyi anthu a pa gulu lathu akuigwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri, ndipo onse ali ndi mfundo. Ine ndimati taonani, popanda McConnell gemu ikanatha kalekale. Iwo amati taonani amene anapambana, Shai Gilgeous-Alexander, point guard wa mamita 1.98, atazunguliridwa ndi anthu amanja ataliatali ngati Alex Caruso ndi Jalen Williams omwe ankatseka njira zonse za mpira. Ndipo n'zoona kuti ku NBA masiku ano ma point guard akunka natalika. Haliburton yemweyo ndi wa mamita 1.96, Luka Dončić amakwana mamita awiri. Zinayamba kale ndi Magic Johnson, wa mamita 2.06, m'zaka za m'ma 1980, koma nthawi imeneyo iye anali chodabwitsa, pano zangokhala zachizolowezi.

Ubwino wa msinkhu pa backcourt suli pogoletsa kwenikweni. Choyamba wamtali amaona pamwamba pa anthu omwe amutsekera, ndiye akapanikizidwa ndi awiri amatha kuponya mpira modutsa pamitu pawo. Wamfupi akalola kutsekeredwa pakona, watha. Koma chachikulu chili potchinga. Matimu anzeru amachita dala kuti wamfupi wanu akumane ndi wamtali wawo. Amamuikira sikirini, otchinga anu n'kusinthana anthu, mwadzidzidzi mfana wa mamita 1.65 wapezeka akutchinga munthu wa 1.90 pansi pa basiketi yomwe ili mamita 3.05 m'mwamba. Apo palibe cha mtima wolimba, amangomutembenukira n'kuika mpira. Akachita zimenezo katatu kotsatizana, kochi amakakamizika kumutulutsa. Ndiye amene akuti tisankhe wa ku Machinjiri akuona zimenezi, ndipo sindingawatsutse.

Pomwe ndikusiyana nawo ndi apa. Msinkhu wa backcourt sitiwerenga munthu mmodzi, timawerenga awiriwo pamodzi, komanso amene ali kumbuyo kwawo. Toronto Raptors inatenga chikho cha NBA mu 2019 ikumaliza magemu ambiri ndi Kyle Lowry ndi Fred VanVleet limodzi, onse a mamita pafupifupi 1.83, omwe ku NBA ndi afupiafupi. VanVleet anali wa pa benchi, nayenso sanasankhidwe pa draft ya 2016, koma mu Game 6 yomwe anamalizira Golden State Warriors anagoletsa mapointi 22 komanso ndi amene ankamamatira Stephen Curry. Zinatheka chifukwa kumbuyo kwawo kunali Kawhi Leonard, Pascal Siakam wa ku Cameroon, Marc Gasol ndi Serge Ibaka, anthu omwe ankakwirira dzenje lililonse lomwe afupiwo asiya. Timu yathu, monga ndanena, ataliatali ndiye tili nawo. Chomwe tilibe ndi manja.

Chitsanzo chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi cha South Sudan. Dziko limeneli limadziwika ndi anthu ataliatali, kwawo kwa Manute Bol wa mamita 2.31 ndi Luol Deng. Akanafuna akanadzaza bwalo ndi zimphona zisanu. Koma timu yawo yomwe inafika ku Olympics ya ku Paris mu 2024 inkayendetsedwa ndi Carlik Jones, wa mamita pafupifupi 1.83. Pa gemu yokonzekera ku London mu July chaka chimenecho, South Sudan inaluza kwa United States ndi pointi imodzi yokha, 101 kwa 100, LeBron James atagoletsa kumapeto, ndipo Jones anapeza mapointi 15, ma rebound 11 ndi ma assist 11. Ngati anthu omwe ali ndi msinkhu wotaya anapereka mpira kwa wamfupi, ife tikuopa chiyani?

Ku Olympics komweko Yuki Kawamura wa ku Japan, mamita 1.72, anagoletsa mapointi 29 pokumana ndi France ya Victor Wembanyama, munthu woposa mamita 2.20. Japan inkatsogola ndi mapointi 4 kutatsala masekondi ochepa, kenako oyimbira anamuimbira Kawamura yemweyo faulo pa munthu amene ankaponya ya mapointi atatu, mpira n'kulowa, ya ulere n'kulowanso, France n'kudzapambana 94 kwa 90 mu nthawi yowonjezera. Mpaka lero anthu amakangana ngati inalidi faulo. Za Muggsy Bogues, wa mamita 1.60 yemwe anakhala mu NBA zaka 14, sindinena zambiri chifukwa aliyense wamfupi pa bwalo amamutchula akangonyozedwa, ndipo anthu ngati iye sabadwa chaka chilichonse.

Tibwerere kuno kwathu, komwe nkhani ya msinkhu ili ndi mbali ina yomwe sitikonda kuikamba. Amalawi ambiri si ataliatali, ndipo si za mtundu zokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana amene sanadye mokwanira ali wakhanda safika msinkhu womwe akanafika. Ndiye pa bwalo la m'tauni munthu wa mamita 1.88 timamuona ngati chimphona. Akangofika ali ndi zaka 13 atatalika kuposa anzake, kochi amamuimika pansi pa basiketi n'kumuuza kuti iwe usamagunditse mpira pansi, ingodumpha. Amakula choncho zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi, dzanja lamanzere osaligwiritsa ntchito, mutu uli pansi akamayendetsa mpira. Mnyamata wathu wa ku Machinjiri anakulira momwemo. Anadzaphunzira kuponya patali payekha, ndipo amaponyadi, koma mukamutumizira anthu awiri amaima n'kuukumbatira mpira ngati mwana.

Vuto limeneli limaonekera bwino matimu athu akatuluka kunja. Basketball Africa League, yomwe NBA ndi FIBA anayambitsa ndipo inaseweredwa koyamba ku Kigali mu 2021, ili ndi mipikisano yodzigulira malo yotchedwa Road to BAL. Bravehearts ya ku Lilongwe ndi yomwe yakhala ikunyamula mbendera ya Malawi kumeneko, ndipo kumapeto kwa 2024 inafika mu ndime ya Elite 16 ku Nairobi. Amene munaonerako magemu a mu ndime imeneyo pa YouTube munaona kuti msinkhu womwe kuno timati ndi wa center, kumeneko ndi wa ma guard. Munthu wa 1.88 amene akulota zodzasewera kunja kwa Blantyre alibe tsogolo pansi pa basiketi, tsogolo lake lili pa backcourt. Choncho pa mfundo imodzi ndikugwirizana ndi a pa gulu aja kuposa momwe iwo akuganizira, mnyamata wa ku Machinjiri akuyenera kuphunzira kugwira mpira, ndipo timu iliyonse yomwe ikulakalaka kudzasewera mu ligi ya SOZOBAL pa Blantyre Youth Centre iyenera kuyamba kuwapatsa mpira ana ataliatali adakali ku pulayimale. Koma imeneyo ndi ntchito ya chaka kapena ziwiri, ya tsiku ndi tsiku, osati yoti muyambire pa gemu ya Loweruka likubwerali. Mukamuponya m'madzi pano muluza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mpira uzitayika, komanso munthu amene amatigoletsera patali sakhalanso pamalo pake poti ali kalikiliki kulimbana ndi mzere wapakati.

Mfana wa ku Bangwe ndamuonera magemu anayi. Sagoletsa kwambiri, ndipo kuponya kwake patali n'kwa mwayi. Koma mpira uli m'manja mwake mutu umakhala m'mwamba, amapita kumanzere ndi kumanja mofanana, ndipo chifukwa ali pafupi ndi simenti, wamtali akafuna kumulanda amayenera kuwerama, apo iye wadutsa kale. Saopa kulankhula, amakalipira ngakhale akuluakulu omuposa zaka zisanu kuti ima apo, ndipo point guard wosalankhula ndi dalaivala wopanda hutala. Potchinga amamamatira munthu kuyambira kutsogolo, kumudyera masekondi, moti adani amafika pa theka lathu atatsala ndi masekondi 16 m'malo mwa 20. Zimenezi sizilembedwa pa bolodi koma pa pepala langa zimaoneka. Akamasewera limodzi ndi wa ku Machinjiri, backcourt yathu imakhala ya 1.65 ndi 1.88, zomwe kwa matimu a m'makwalala muno si zochepa. Wamtaliyo atenge guard wawo wamkulu, wamfupiyo atenge woyendetsa mpira. Adani akayamba kumusaka ndi masikirini, tisamasinthane anthu, kapena tibwerere mu zone ya 2-3 kuti iye akhale kutsogolo komwe sangakumane ndi zimphona. Zone imeneyi matimu athu amaidziwa kale, ena mpaka amaikonda mopitirira muyeso chifukwa cha ulesi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chikundifooketsa, ndipo si msinkhu. Kuchoka ku Bangwe kufika ku Chilomoni ndi maminibasi atatu, wa ku Limbe, wa ku Blantyre, kenako wa ku Chilomoni, kubwerera chimodzimodzi. Mwana wa sukulu ndalama imeneyo katatu pa sabata aitenga kuti? Komanso ali Fomu 4, mayeso a MSCE akayandikira makolo ake amutsekera m'nyumba, ndipo akhala akulondola. Ine amene ndinasiya sukulu panjira sindingauze mwana wa eni kuti asiye mabuku chifukwa cha gemu yopanda malipiro. Point guard ndi malo omwe munthu sangangotulukira tsiku la gemu, ayenera kudziwa kuti uyu amakonda mpira pachifuwa, uyu amachedwa kutembenuka, uyu ukamupatsira wothamanga amaugwetsa. Ku NBA timu ikafuna point guard wachiwiri imayang'ana msika, kusinthanitsa osewera, kusaina wina kwa masiku 10 kuti imuyese. Kuno msika wathu ndi funso loti kodi Lachitatu ubwera, transport uli nayo? Wina pa gulu analemba kuti bola wamtali wopezeka kusiyana ndi dolo wosowa, ndipo ndinakhala kaye chete mphindi zingapo ndisanayankhe.

Chomwe ndapempha kochi ndi ichi. Lachitatu pa training tisakangane ndi pakamwa. Aliyense mwa awiriwa apatsidwe mpira maulendo 10 pansi pa basiketi, anthu awiri amupanikize, wina agwire wotchi ya pa foni, tione amene awoloke mzere wapakati m'masekondi 8 kangati mpira uli m'manja mwa timu. Kenako titembenuze, wamfupiyo atchinge munthu wamtali maulendo 10 pafupi ndi basiketi, tione kuti atidyetsa mapointi angati ndipo zone ikumubisa bwanji. Manambala awiriwo tiwaike pamodzi. Ndipo zivute zitani, wa ku Machinjiri ayambe kutenga mphindi 15 pa training iliyonse akuyendetsa mpira ndi dzanja lamanzere, chifukwa mwezi wa mayeso ukafika mpira udzagwera iye, afune asafune.

Kochi wayankha ndi chala chimodzi chokweza m'mwamba, osawonjezera mawu, ndiye kaya wavomera zonse kaya wangotopa nafe. Transport ya mfana wa ku Bangwe tasonkherana anthu asanu, yakwana yobwera yokha. Amene muli pa gulu lija ndipo mwawerenga mpaka pano, yobwerera ikudikira inu.